Mkono Wotsala wa Juzi ya Bambo

Amayi anamwalira atasiya juzi ya bambo ilibe mkono wakumanzere. Thupi lonse analuka, khosi anamaliza, mkono wakumanja anali atausokerera kale. Ulusi ndiwo unawathera, ndipo asananyike wina matenda anawagoneka. Kwa zaka ziwiri juziyo inakhala m'dengu pamwamba pa kabati, singano zake ziwiri zili zobaya momwemo.

Mtundu wake unali wobiriwira ngati ndere za pakhoma nthawi ya mvula, koma ukauika padzuwa umaonetsa kachikasu kobisala pansi pake. Amayi ankagula ulusi woyera waubweya n'kumaunyika okha mu utoto wophika pakhomo. Mitundu ina yonse anandiphunzitsa. Uwu wokha anapita nawo kumanda.

Lolemba lina azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene ndi telala, anatsitsa dengulo n'kuliika patebulo.

"Iwe Namaloto," anandiitana ndi dzina limene anandipatsa chifukwa choganiza zakutali ndili maso, "juzi iyi ikuwadwalitsa achimwene. Akalowa muno maso amathamangira padengu. Loweruka la sabata yamawa ndiimasula, ulusiwo ndilukire ana zipewa."

"Ndiimaliza ine, azakhali."

"Ndi ulusi uti? Ine zaka makumi atatu ndikufananitsa ulusi ndi nsalu. Mkono ukangosiyana ndi unzake, ndidzauona ndili pakhomo. Sindingalole achimwene aziyenda mumsewu ngati mbendera."

"Nanga mukadzalephera kuusiyanitsa?"

"Ndikadzalephera, ndidzakhala pansi undiphunzitse. Koma usaloterenso zimenezo."

Bambo sindinawauze. Ndinkaopa kuwapatsa chiyembekezo kenako n'kuwagwiritsa mwala. Iwo ndi wokonza mawotchi, munthu wosalankhulalankhula. Akangonyamuka m'mawa kupita kukashopu kawo, ine ndinkatulutsa poto wa amayi pakhonde lakuseri. Ndinkadziwa kuti chiyambi chake ndi makoko a anyezi, chifukwa amayi ankawasunga m'thumba la pepala. Ndinawaphika, ndinanyika ulusi, unatuluka wachikasu ngati dzira. Ndinawonjezera masamba, unasanduka ngati matope. Ndinagula utoto wobiriwira wa m'sitolo, unatuluka wowala ngati pulasitiki. Pofika Lachitatu chingwe choyanikira chinali ndi timizere ta ulusi khumi ndi tiwiri, ndipo palibe kamodzi kofanana ndi juzi.

Lachinayi m'mawa ndinapeza kaphukusi pawindo la khitchini, kunja kwake, kokulunga m'nyuzipepala. Mkati munali misomali yakale, yopindika, yadzimbiri lokhalokha. Dzina panalibe.

Maganizo anga anathamangira tsidya la msewu. Kumeneko kuli mnyamata wokonza njinga amene anthu amamutcha Girisi, chifukwa manja ake sanayerepo. Ndikamadutsa amasiya kupopa tayala n'kundipatsa moni kawiri, ngati woyambayo sanamveke. Koma misomali? Atsikana ena amalandira maluwa. Ndinaiika m'chitini, ndipo tsiku lonse ndinali kumwetulira ndekha ngati wolandira mphete.

Lachisanu pawindo pomwepo panali kabotolo ka viniga ndi kapepala kolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, pangodya pake pali chidindo cha chala chakuda: "Misomali igone mu viniga masiku anayi. Anyezi kaye, dzimbiri pambuyo."

Ndinathira viniga m'chitini muja n'kuchibisa kuseri kwa ndowa. Masiku anayi amenewo ndinkachisuzumira ngati nkhuku yofungatira. Madzi anayamba kufiirira, kenako kuda. Lolemba panabwera kapepala kena: "Supuni ziwiri m'madzi ofunda. Ulusi ukhalemo nthawi yomwera kapu imodzi ya tiyi."

Lachiwiri ndinatenga kamzere ka ulusi wachikasu uja, ndinakaviika m'madzi adzimbiri, ndipo ndinaona chozizwitsa. Chikasu chinayamba kubiriwira ndikuona, kuchokera kunsonga kukwera m'mwamba. Ndinamwa tiyi wanga, ndinavuula, ndinatsuka, ndinayanika. Ulusi wonyowa umanama, umaoneka wakuda kuposa mmene ulili, choncho ndinadikira uume. Utauma ndinauika pa juzi. Unali wotuwa. Ndinayesanso, ulendo uno ndinausiya mpaka ndinatsuka mbale zonse. Unatuluka woderako kwambiri ndiponso wokhakhala ngati chingwe. Ulusi woyera wokwanira mkono ndinali nawo mpukutu umodzi wokha. Ndikanaulakwitsa, basi zikanathera pomwepo.

Ndinawoloka msewu kapepala kali m'manja.

"Achimwene, kapu yake yaikulu bwanji?"

Girisi anagwetsa sipanala. "Kapu yanji, achemwali?"

"Musandizunguze. Chala ichi n'chandani?" Ndinamuonetsa chidindo chija.

Anayang'ana chala chake, anayang'ana kapepala, kenako anakanda m'mutu n'kudzipaka girisi pachipumi. "Chala n'changa. Zilembo n'zanga. Misomali ndinazula ine m'matabwa akale kuseri uku. Koma mawuwo si anga, ndimangolemba zimene ndauzidwa."

"Wakuuzani ndani?"

"Ndinalumbira. Mukandiumiriza ndimeza sipoko."

"Ndiye inu mwangokhala positi ofesi?"

"Positi ofesi yake yosalipidwa," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Koma ntchitoyo sindikudandaula nayo. Windolo ndalizolowera."

Ndinabwerera kunyumba nkhope ikutentha, theka manyazi, theka chinthu china chimene sindinafune kuchitchula. Koma funso linatsala: ndani wina padziko lino ankadziwa chinsinsi cha amayi?

Lachitatu m'mawa ndinawapatsa bambo tiyi monga mwa masiku onse. Anakhala pampando wawo pafupi ndi khomo lakuseri. Anauzira katatu. Anapsontha pang'ono, anaika kapu pabondo, anayang'ana kumwamba. Anazunguza kapuyo, anauziranso. Amayi ankawaseka kuti tiyi wa bambo ako amakalamba ali m'kapu. Nditakumbukira mawu amenewo ndinamvetsa. Kapu imodzi ya tiyi sinali yanga. Inali iyi.

"Bambo, ndikuthirireni wina?"

Anandiyang'ana kanthawi. "Thira, mayi. Lero sindikufulumira."

Ndinafunditsa madzi, ndinathiramo supuni ziwiri za dzimbiri, ndinatenga mpukutu wonse umene ndinali nditaunyika kale mu anyezi. Chitseko ndinachisiya chotsegula. Bambo atanyamula kapu, ine ndinamiza ulusi. Iwo sanacheuke. Anauzira katatu. Ine ndinkavundula pang'onopang'ono ndi mthiko, diso limodzi m'poto, lina pa dzanja lawo. Ulusi unadutsa pamtundu wotuwa uja, ndipo dzanja langa linayabwa kuti ndivuule, koma kapu inali idakali pakati. Ndinapirira. Utayamba kudera ndinachita mantha kuti wapsa. Bambo anazunguza kapu, anapendeketsa mutu, anamwa dontho lomaliza, n'kuika kapuyo pansi, gwa! Ndinavuula nthawi yomweyo.

Anavala chipewa n'kunyamuka. Ali pakhomo anati, "Uyanike pamthunzi," osanditembenukira.

Masana ulusi unauma. Ndinauika pa mkono wakumanja wa juzi, ndinapita nazo padzuwa, ndinalowa nazo m'nyumba, ndinatulukanso. Sindinathe kuona pamene wanga wathera ndi pamene wa amayi wayambira. Ndinakuwa mpaka Girisi anasuzumira kutsidya.

Masiku awiri otsalawo ndinaluka osapuma. Amayi ankaluka mothina kuposa ine, choncho ndinkakulunga ulusi kawiri pachala kuti maso a ulusi afanane. Ndinawerenga mizere ya mkono wawo umodziumodzi, ndipo pachigongono ndinapeza pamene anaphonya diso limodzi. Wanga ndinauluka wosalakwika paliponse, ndinausokerera, ndinachapa juzi yonse kuti mikono igone mofanana.

Loweruka azakhali anafika ndi lumo m'chikwama. Ndinayala juzi patebulo, nditaitembenuza kuti asadziwe kumanja ndi kumanzere. Bambo anakhala pampando wawo.

"Sankhani, azakhali. Watsopano ndi uti?"

Anavala magalasi. Anaitengera pawindo. Anafinya mkono uwu, anafinya uwo, mpaka ananunkhiza. Kenako chala chawo chinaima pachigongono.

"Uwu! Taona diso lophonya ili. Mlamu wanga sakanalakwitsa chonchi. Dzanja la mwana ili."

Bambo anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, kuseka kumene nyumba yathu inali isanakumve kwa zaka ziwiri.

"Umenewo ndi wa mlamu wako," anatero akupukuta misozi. "Analakwitsa tsiku limene ndinamudzidzimutsa ndi wotchi yolira. Ndinalipo."

Azakhali anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso. "Ndiye kuti mwana uyu waposa mayi ake?" Anakhala pansi pampando, lumo lili m'manja. "Chabwino, aphunzitsi. Tiyamba liti?"

Bambo anavala juziyo pamwamba pa malaya, ngakhale kunali dzuwa. Inawakwana ndendende. Anasisita mkono wakumanzere nthawi yaitali.

"Mmene ndinkawafunsira amayi ako," anatero, "anzanga ankapititsa mafuta onunkhira kwa zibwenzi zawo. Ine ndinkapititsa misomali yadzimbiri, chifukwa ndi imene anandipempha. Ankandikhazika pakhonde n'kundipatsa tiyi, iwo ali pa poto. Ndinkayesa amakonda kucheza nane, osadziwa kuti ndine wotchi yawo."

"Bwanji simunangondiuza, bambo?"

"Iwe unkandibisira. Ndinati nanenso ndikubisire. Komanso pakamwa pakanandilemera."

Madzulo ake anatuluka nayo kukayenda mumsewu, manja ali m'matumba, akupatsa moni aliyense mpaka anthu osawadziwa. Ine ndinapita kukhitchini kukatsuka makapu. Pawindo panali kaphukusi kena ka nyuzipepala, kolemera ndi misomali. Kapepala kake kanali ndi chidindo cha chala chakuda chomwe chija.

"Iyi sananditume munthu. Tiyi ndimamwa pang'onopang'ono."