Nkhope ya Tiyanjane pa Tabuleti

Mwana wanga Tiyanjane anamwalira nyengo ya mvula, madzi atadzaza ku Kanyama mpaka m'mawondo. Anayamba kutsegula m'mimba Lachiwiri, mwamuna wake Rodgers anapita naye ku kiliniki Lachinayi, Lachisanu tinali kufunafuna bokosi. Masiku awiri apakatiwo sindinawaiwale. Rodgers amati msewu unasanduka mtsinje, minibasi sizinkalowa. Ine ndagwira ulonda zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo sindinaonepo munthu wochedwa wopanda msewu wounamizira.

Titaika maliro, panafika tsiku logawa katundu wa malemu. Mwambo wake ngwakuti zonse zichapidwe kaye. Azimayi anachapa zitenje, madiresi, nsapato, mpaka chikwama chake cha kutchalitchi, n'kuziyanika pawaya. Kenako Nsama, mlongo wake wa Rodgers, anatulutsa tabuleti yomwe Tiyanjane ankaonetsera makasitomala ake zovala za salaula, zija zovalidwapo kale.

"Nayo iyi ifunika kuwasha," anatero.

Anakhala pampando n'kufufuta zithunzi zonse, mauthenga ndi manambala omwe. Azimayi anavomereza kuti wachita bwino, munthu asalandire chinthu chikadali ndi thukuta la malemu. Ine ndinali panja ndi azibambo, ndinamva zonse zitatha. Mpaka lero ndimati anafufuta zimene sankafuna kuti ndione.

Tabuletiyo anapatsa ine monga bambo ake. Amene ananena zimenezi ndi Rodgers yemweyo, ndiye ndinaganiza kuti n'kutheka ndi yakufa.

Sinali yakufa. Nditafika kwathu ku Matero n'kuiyatsa, Tiyanjane anali pomwepo. Chithunzi chimodzi chinatsala, chija chimakhala pamwamba, kumbuyo kwa tizizindikiro todina. Anavala diresi yachikasu, akuseka, mpata wa mano uli poyera ngati wa malemu amayi ake. Pambali pake panali Rodgers, mano panja, dzanja lili paphewa la mwana wanga.

Chithunzi china cha Tiyanjane ndinalibe. Zaubwana wake zinaola m'katoni chaka chimene denga lathu linasasuka ndi mphepo.

Miyezi itatu ndinkaiyatsa m'mawa uliwonse, chala changa chachikulu chili pankhope ya Rodgers. Chala chitatopa ndinamatapo tepi yakuda ya magetsi. Koma dzanja lija linali paphewabe, ndipo tepi yomata dzanja inkabisanso khosi la mwana wanga.

Tsiku lina ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kupita nayo kumsika. Kumeneko kuli kantemba, kashopu kakang'ono, ka mayi wina dzina lake Chipego, amene amasintha magalasi a mafoni ndi kuthira nyimbo. Ndinasankha iyeyo chifukwa ankagwira ntchito poyera. Anyamata ena aja amalowa ndi foni yako kuseri kwa katani, n'kutulukako batire ili ina.

"Ba mudala, mwaimanga bandeji tabuleti?" anatero ataona tepi. "Inachita ngozi?"

"Ndikufuna muchotse mwamunayu. Mkaziyu atsale."

"Ni ba ex?"

"Ndi mwana wanga. Anamwalira."

Anasiya kuseka. Anatambasula dzanja kuti alandire, ine sindinapereke.

"Ndigwira ndekha. Inu muzindiuza podina."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako anasendeza mpando. Anandiuza kuti ndidine pagalasi popanda kanthu n'kugwiritsa chala. Panatuluka mawu achingerezi, iye anati lija loyamba ndi wolopepa, ndilo dzina la chithunzi chapamwambacho. Kenako anandiuza ndidine posungira zithunzi. Munali mbee.

"Apa pali vuto, ba mudala. Chithunzi chenicheni kulibe, anachifuta. Ichi muona ni chamene chinatsalira chabe pamwamba. Sitingachidule, chifukwa palibe chodula. Mukaikapo china, ichi chayenda. Sichizabwela."

"Ndiye mukuti sizitheka."

"Vitheka. Lekani nichikope na foni yanga poyamba. Nichidule bwino, nichotse mwamuna, nikutumileni. Maminiti asanu chabe."

"Nkhope ya mwana wanga ikhale m'foni mwanu?"

"Nizafuta pamaso panu."

"Onse amatero."

Ndinamvapo zimene anthu amachita ndi zithunzi za akufa. Ena amaika pa intaneti n'kumapempha chithandizo cha maliro omwe anachitika kale. Ena amapita nazo kwa asing'anga. Komanso ndinaona kuti mayiyu akuikuza ntchito dala, monga amachitira amakaniki, kuti iwe uchite mantha. Chithunzi chili pamaso panga, ndikuchiona ndi maso angawa, iye akuti kulibe.

"Olo mwana wanu wina akope na foni yake," anatero ndikukulunga tabuleti. "Koma osadina chilichonse mweka. Chonde, namupapata."

Ndinalibe mwana wina. Sindinamuuze.

Ndinafika kunyumba dzuwa lili pamutu. Ndinakhala pakhomo pamthunzi, ndinamatula tepi, ndinapukuta galasi ndi malaya. Njira ndinali nditaiona yonse. Sukulu ndinalekera giredi faifi, koma ndatsegulapo mageti a magetsi omwe mabwana ankalephera.

Ndinadina n'kugwiritsa chala. Mawu aja anatuluka. Ndinadina wolopepa. Pansi panabwera tizithunzi ting'onoting'ono ta mapiri, maluwa ndi nyanja, timene timabwera ndi makinawo. Ndinaganiza kuti ndikasuntha chithunzi cha pamwamba ndi chala, Rodgers agwera kunja kwa galasi, Tiyanjane abwera pakati. Ndinakoka. Chala changa ndi chokhakhala, chinakhudza kachithunzi ka phiri. Phiri linadzaza galasi lonse. Pansi pake panali mabatani awiri a mawu achingerezi. Ndinadziwa kuti limodzi ndi lobwerera. Ndinadina lakumanja.

Phiri linakhala.

Ndinazimitsa, ndinayatsa. Phiri. Ndinaisiya padzuwa pang'ono, sindikudziwa kuti ndinkaganiza chiyani, ndinayatsanso. Phiri loyera la kwa azungu, lopanda mtengo ngakhale umodzi.

Ndinabwerera kumsika wapansi, mwendo ukundipweteka. Ulendo uno ndinamupatsa Chipego m'manja. Anafufuza nthawi yaitali, makasitomala awiri anatopa n'kuchoka. Anailumikiza ndi kompyuta yake. Pomaliza anandibwezera ndi manja awiri.

"Kulibe, ba tate. Funsani ba mwamuna wake. Sangakhale alibe olo chimodzi."

Ndinatha masiku anayi ndisanapite. Tsiku lachisanu ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka ku Kanyama, tabuleti ili m'chikwama. Chigawireni katundu ndinali ndisanapondeko.

Ndinapeza Rodgers panja akuchapa mayunifomu a Chiso, mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene anali kusukulu. Anali ataonda. Atandiona anapukuta manja pa buluku, anathamangira mpando, iye n'kunjuta pansi.

"Apongozi, mwabwela. Mukanatuma mawu, nikanagulako ka relishi."

"Sindikhalitsa."

Tinafunsana za moyo, za madzi, za sukulu ya mwana. Ndinayang'ana ngalande ya kutsogolo kwa nyumba, ndinayang'ana mzere wa matope pakhoma pomwe madzi anafika. Unali pamwamba kuposa mmene ndinkaganizira.

"Zithunzi za mkazi wako uli nazo?" ndinafunsa.

Anatulutsa foni m'thumba n'kundionetsa. Kanali kafoni ka mabatani, komanga ndi labala.

"Aka sikakopa, apongozi. Vonse venze mu tabuleti. Va chikwati, va Chiso ali kamwana, vonse. Ba Nsama anafuta nili panja na imwe. Sitikambitsana mpaka lelo."

"Anzake a kutchalitchi?"

"Ninayenda kuli onse. Chilipo chimodzi cha kwaya, aoneka chabe chitambala kumbuyo kwa munthu." Anabweza kafoni m'thumba. "Chinatsala ni chija chili na imwe. Tinakopa pa Khirisimasi. Ninaona kuti chasala pamwamba, ninakhala chete kuti ba Nsama asachione bwino. Ninati chiyende kuli atate ake, kuja kulibe wogwilagwila."

Iye anayang'ana chikwama changa.

"Mwabwela nayo?"

Chikwama chinali pamiyendo panga, manja anga onse ali pamwamba pake.

"Ndaisiya kunyumba. Yatha moto."

"Ni bwino, muziisunga." Anaweramitsa mutu, anatola kamwala n'kukaponya m'ngalande. "Nenze kuopa kukupemphani. Chiso ayamba kuiwala. Dzulo ananifunsa ngati amake enze na mpata pa mano olo ni ba ticha ake. Ninamuuza kuti ambuye ako ali na chithunzi, tizapita ukaone weka."

Mayi wina anadutsa ndi ndowa pamutu, anatipatsa moni, tinayankha.

"Tingabwele pa Sondo, tikachoka ku chalichi? Nizabwela na munzanga ali na foni yabwino, akope, tikachapitse chikulu cha pa khoma. Chimodzi chanu, chimodzi cha mwana."

Ndinaimirira. Rodgers anafuna kundinyamulira chikwama mpaka pokwerera basi, ndinakana. Anandiperekezabe, akuyenda kumbuyo kwanga pang'ono, akundiuza poponda pouma.

Minibasi itaima anafunsanso, "Pa Sondo, apongozi?"

Kondakitala anali akumenya chitseko. Ndinaika phazi limodzi mkati.

"Mubwere," ndinatero.

Lero ndi Lachisanu.