Malo a Nyumba ya Tawina

Mdzukulu wanga Tawina atapeza mwamuna, mudzi wonse unakondwa, koma ine tulo tinayamba kundithawa. Mnyamatayo, Efulemu, sindinamuone choipa ayi. Amapemphera, amakonza njinga zamoto, popereka moni amavula chipewa. Chovuta chinali chakuti kwawo ndi ku Nathenje. Ankhoswe anagwirizana kuti adzakhale chikamwini kuno kwa Kanyerere, kuseri kwa Mitundu, monga timachitira. Koma anawonjezera kuti malo omanga nyumba akapanda kupezeka mvula isanagwe, mwanayo apita chitengwa. Tawina anakulira m'nyumba mwanga. Ndi amene amandizula minga kuphazi, ndi amene amandiuza zolembedwa pabotolo la mankhwala.

Woonetsa malo anayenera kukhala malume ake, a Lovemore, koma anali ku okushoni ndi fodya wawo. Mayi ake sakanatha, poti mpongozi ndi mkamwini sayenda njira imodzi. Iwo akangoona chipewa cha Efulemu amazembera kuseri kwa nkhokwe. Ndiye ntchito inagwera ine. Kwa ine mwamuna wa mdzukulu ndi mwamuna wanga yemwe, timasereulana mmene tifunira.

Efulemu anafika m'mawa atanyamula chingwe ndi zikhomo. Ndinamuuza kuti ayende pambuyo panga, aziponda pomwe ndaponda, chifukwa mudzi uno suli ngati mmene umaonekera.

Tinayambira pamkuyu wa polowera m'mudzi. Iye anapakonda nthawi yomweyo, ati pali pamsewu, akabaza azimuona msanga. Ndinamufotokozera kuti aphunzitsi oyamba ochokera ku Nkhoma anamangirira chitsulo pamtengo umenewo, tchalitchi isanamangidwe, ndipo chikalira ana ankathawira kudambo poopa sukulu. Waya wake ulipobe, khungwa linaumeza. Koma pomwepo mphezi inapha mbuzi za a Masozi, mlamu wanga, zili chiimire. Ndinati mphezi ikadziwa njira siiwala. Efulemu anayang'ana kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe, n'kunena kuti chabwino.

Tinatsikira kudibi. Ana a masiku ano amangoona dzenje lalitali la simenti lodzaza zinyalala, sadziwa kuti ng'ombe zinkachokera mpaka kumunsi kwa Dzalanyama kudzasamba mankhwala pamenepo. Tsiku la dibi kunkakhala ngati kuukwati: fumbi, malikhweru, ife atsikana tikugulitsa zitumbuwa. Agogo ake aamuna a Tawina ndinawaona koyamba pomwepo, akuvuulidwa m'madzimo atagweramo pothamangitsa thole. Efulemu anaseka mpaka kugwira bondo, n'kufunsa ngati ndinawakonda akadali onyowa. Ndinamuyankha kuti anali abwino kuposa iye ngakhale akununkha dibi. Atatulutsa chikhomo ndinamugwira dzanja. Mankhwala aja analowa pansi, pafupi pake sipamera ngakhale chisoso, ndipo mwana wokwawa chilichonse amaika m'kamwa.

Pabwinja la sitolo ya Mmwenye patsala masitepe okha ndi khoma limodzi. Pakhonde pake pankakhala telala wa diso limodzi amene anandisokera diresi la ukwati, dzanja lina lalitali. Amwenye atasamukira m'tauni, njoka ndizo zinatenga malo. Ndinamuonetsa chikhakha chimene njoka inafundula pamng'alu wa khomalo kuti asati ndikunama.

Kuchulu chachikulu ndinati ayi, ndi njira ya gule akamachokera kumanda, ana sadzagona. Kumbali ya dambo ndinati ayi, chaka cha madzi osefukira tinatola nkhuku m'mitengo. Pafupi ndi mjigo panali pouma, posalala, popanda njoka, ndipo Tawina, amene ankatitsatira njira yonse, anayamba kale kuloza pomwe padzakhale khitchini. Ndinamukumbutsa kuti amayi onse a m'mudzi amasonkhana pamenepo. Mukakangana m'mawa, masana nkhani yafika kumsika wa Mitundu ili ndi miyendo ina.

Dzuwa linali litafika pamutu. Tawina anaima pambali, milomo ili tololo. Efulemu anakhala pachitsa n'kuyamba kukulunga chingwe chake pang'onopang'ono, osakwiya.

"Akazi anga," anatero, "mudzi wanu ndi wabwino, koma mwautseka wonse. Ku Nathenje atsibweni anandisungira malo, njerwa zowotcha kale. Pali m'mbali mwa tala wopita ku Dedza."

"M'mbali mwa tala? Pomwe pamadutsa mathiraki aja?"

"Pomwepo. Tawina akafuna kukuonani azingoimika minibasi pakhomo."

Ndinaona zonse m'mutu mwanga: mwana akuthamangira mpira pamsewu, Tawina ali m'minibasi ya matayala osalala, ine kuno ndikumwa mapiritsi ausiku m'mawa. Ndinayang'ana Tawina ndikuti mwina akana. Iye anangoti, "Agogo, mwakana nokha. Ine ndimafuna kuno."

Tinauyamba wobwerera kunyumba. Ndinkawerenga mudzi mumtima, kuyambira kumkuyu mpaka kudambo, kufuna pomwe ndasiya, koma paliponse ndinali nditaikapo kale choopsa. Podula njira tinatulukira kuseri kwa nyumba yanga, pakamunda kanga ka pakhomo. Kale panali khola la ng'ombe zathu, ndiye nthaka yake ndi yakuda, yonona, dzungu limodzi mwana sanyamula. Pamenepo sindilola munthu kupondapo, ngakhale abusa. Efulemu anaima m'mphepete, chipewa kumanja.

"Nanga apa panagwa chiyani, akazi anga? Mphezi kapena njoka?"

Ndinafufuza m'mutu. Ndinafufuza ndithu, chifukwa maungu aja ndi amene amanditulutsa m'miyezi ya njala, ndipo nkhwani wake anthu amachita kudzapempha. Mphezi sinagwepo. Madzi safikapo. Ngakhale akuba ng'ombe, amene anasesa makola ambiri kuno, apa sanafikepo. Pankangobadwa mathole.

"Palibe," ndinatero.

"Palibe?"

"Ndati palibe. Khomani zikhomo zanuzo ndisanakumbukire china."

Tawina anandikumbatira mpaka mpango unagwa. Ndinamukalipira kuti andithyola nthiti, mafupa a nkhalamba salumikizika. Mayi ake, amene ankamvetsera ali kuseri kwa nkhokwe, analulutira komweko osaonekera. A Lovemore atabwera ku okushoni anadabwa, n'kufunsa Efulemu kuti anandidyetsa chiyani, poti iwo anapemphapo kamzere kamodzi kofesa fodya ndipo ndinawathamangitsa ndi chipande.

Maungu ndadzala kumunda wakutali chaka chino, kumene anyani ndi ana a sukulu adzagawane. Nyumba yafika pamawindo. Ndimakhala pampando kuyang'anira amisiri, kuwauza kuti makwerero awo ndi ofooka ndiponso kuti laimu amapha maso, iwo n'kumangoti zikomo agogo. Dzulo ndinauza Efulemu kuti windo limodzi liyang'ane khomo langa, kuti utsi ukatuluka molakwika ndiziona msanga. Wavomera. Wati aika lalikulu kuposa onse, ndipo katani wake akagula yekha ku Mitundu, wa nsalu yokhuthala ngati bulangete.