Zophophonya Zitatu za Malemu

"Bwerezani mzere wa bambo anga," anatero a Wilbert.

Keturah anagwira khadilo mosamala, poti linali litauma ngati tsamba la fodya. Linali la zotsatira za masewera a besibo a mu 1937, aja omenya kampira ndi chibonga, nthawi imene bambo a nkhalambayi ankasewera molipidwa. Chifereni maso, a Wilbert ankadalira Keturah, wowasamalira kunyumba kwawo ku Braunstone, kutsidya kwa nyanja, kuti aziwawerengera makalata, mapepala a mankhwala, ndi khadi limeneli akatha kumwa tiyi.

"Anapita kukamenya kanayi, anamenya bwino kawiri, anagoletsa kamodzi. Zophophonya..." Keturah anaphimba nambalayo ndi chala. "Palibe."

Chonsecho pakhadipo panali 3 woonekera patali. Malemuwo anagwetsa mpira katatu, ndipo timu yawo inagonja 7 kwa 6. Koma kwawo kwa Keturah ku Ntcheu, ndani angaime pamaso pa munthu n'kumamuwerengera zolakwa za bambo ake omwalira? Kwa milungu itatu iye ankangoimeza nambalayo, n'kumadziona ngati mwana woleredwa bwino.

"Keturah, maso ndiwo anafa, mutuwu ulipo," anatero a Wilbert mofatsa. "Khadilo ndinaliloweza ndili mwana. Tsiku loyamba ndinati mwangophonya. Lachiwiri ndinati mwina magalasi. Lero ndikudzifunsa: kalata ya kuchipatala munandiwerengera Lolemba ija, munaiwerenga yonse?"

Manyazi anamugwira Keturah mpaka makutu anatentha. Kalatayo anaidumpha ndime yathunthu, ija yonena zimene madokotala anapeza m'mapapo. Anathawira kukhitchini ati kukatsuka makapu, makapu oti anali oyera kale.

Kumeneko anapeza Chanda, mnzake wa ku Chipata wodzathandiza kunyamula a Wilbert, akuvala magolovesi. Anamuuza zonse monong'ona.

"Iwe sisi, unaskipa paragraph ya dokotala?" Chanda anagwira pakamwa. "Kandimverere anakanena za m'maluwa ndiwe basi!"

"Ndimawamvera chisoni, amwali. Nkhani ngati imene ija kwathu amauza achibale kaye."

"Achibale ali kuti? Mwana wawo ali ku Australia. Mdala uyu maso ake ndiwe. Ukamasankha zomuuza, aziona na ciani? Akakuchita report uziti ulemu?"

Za lipoti sizinamuwawe Keturah. Chinamuwawa n'chakuti munthu anam'bwereka maso, iye n'kuwatsinzina.

Anabwerera kuchipinda chochezera, nakhala pakampando kapafupi.

"Bambo, ndakulakwirani. Zophophonya, zitatu."

A Wilbert anaseka mpaka kutsokomola.

"Choyamba, bambo ankati dzuwa linawathobwa m'maso. Chachiwiri, galu analowa m'bwalo. Chachitatu ankati, 'Chimenecho ndinangogwetsa, mwana wanga.' Khirisimasi iliyonse nkhani inali imeneyi. Zomenya bwino ziwirizo sankazitchula n'komwe. Mukachotsa zitatuzo, mwandichotsera bambo anga."

Kenako anapapasa patebulo mpaka anaipeza envelopu ya kalata ya kuchipatala ija, natambasula dzanja.

"Yonse," anatero.

Keturah anaitsegula. Chanda anaima pakhomo, magolovesi ali m'manja. Keturah anadutsa moni ndi madeti, nayambira pa ndime imene anaidumpha. Anawerenga pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, ndipo atafika pa mawu akuti chotupa sanatsitse mawu.