Mabawuti a M'thumba mwa Alamu

Mumzinda wonsewo munalibe munthu wodziwa mpando kuposa Bwana Gwedeza, ndipo izi sankadikira kuti wina amunenere. Anayamba ndi sowo yobwereka pansi pa mtengo, anakwera sitima zapamadzi, anakagwira ntchito m'mafakitale a kumaiko ozizira, n'kubwerako kudzatsegula shopu yakeyake ya mipando. "Mpando wogwedera wochokera kwa ine," ankatero akudziguguda pachifuwa, "kasitomala sanaukhalirepo, ndipo sadzaukhalira!"

Dzina la Gwedezalo linabwera chifukwa cha mayesedwe ake. Katundu asanakwere lole, mkuluyu ankakhalira mpando uliwonse, kutsinzina, n'kumagwedeza chiuno uku ndi uku ngati akumva nyimbo imene ena sakuimva. Mpando ukangoti gwede, ankadzambatuka nkhope ikuwala.

"Uwu! Bawuti palibe! Ine nditafa mudzadya chiyani anthu inu?"

Amisiri ankathamanga ndi sipanala. Kapitawo wawo, amene anali mlongo wa mkazi wa Gwedeza, ankagwira pakamwa n'kuti, "Koma alamu, inu ndi makina." Zikatero tsiku linkatha mwamtendere.

Kenaka kunabwera maphunziro a utsogoleri kuhotela ina yaikulu. Gwedeza anapita atatchena suti, anakhala kutsogolo, n'kumayankha ngakhale mafunso a anthu ena. Pa zonse zimene ananena mphunzitsi, mawu amodzi ndi amene anamulowa: mtsogoleri weniweni amakhulupirira anthu ake, sawalondalonda ngati mbuzi zolowa m'munda. Gwedeza anatuluka atatsimikiza kuti pa nkhani yokhulupirira anthu, palibenso amene adzamupose.

M'mawa mwake panali oda yaikulu. Mayi wina ankatsegula malo odyera masana a tsiku lomwelo, ndipo anagula mipando makumi anayi ya miyendo yachitsulo. Amisiri anaindandalika pabwalo, vanishi akunyezimira, iwo ataima pambali kudikira gule wa masiku onse.

Gwedeza anapinda manja kumbuyo. "Kwezani."

Palibe anasuntha.

"Ndati kwezani. Kuyambira lero ine sindiyesanso mpando. Ndimakukhulupirirani."

Kapitawo anayandikira. "Alamu, mwadzuka bwino?"

"Ndadzuka kuposa kale."

"Tangokhalirani ingapo. Mwambo wake basi."

"Ayi. Inu ndinu akuluakulu."

"Ukulu uli pati ife? Tayang'anani wopaka vanishiyu, dzulo wabwera atavala nsapato zosiyana. Munthu wotere mungamukhulupirire?"

"Ameneyo ndiye ndikumukhulupirira kwambiri," anatero Gwedeza, n'kunyamula yekha mpando woyamba kuuika m'lole.

Kapitawo anayesa zonse. Anati tayala la lole laphwa, silinaphwe. Anati kukubwera mvula; kumwamba kunali mbee. Gwedeza anamenya chitseko cha lole kawiri, dalaivala anaiyatsa, katundu uyo wapita.

Mkuluyu anakakhala muofesi, miyendo patebulo, kudikira kuti anthu ake abwere kudzathokoza. Koma shopu yonse inali zii ngati pamaliro. Patapita kanthawi analowa kapitawo, thumba la ovolosi likulira ngwere ngwere. Anatseka chitseko, anapisa dzanja m'thumbamo, n'kukhutulira mabawuti patebulo.

"Awa ndi a chiyani?"

"A mipando yapita ija."

Gwedeza anatsitsa miyendo pang'onopang'ono.

"Musanayambe kukalipa, alamu, mundimve. Oda iliyonse timachotsa mabawuti angapo kuti inu mupeze. Mukapeza mumakondwa, ife timabwezera, katundu amapita."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira wadiropu ija."

Wadiropu ija Gwedeza ankaikumbukira bwino, chifukwa ankakonda kuikamba pamaso pa alendo. Tsiku limenelo anaizungulira osapeza cholakwika, ndiye analamula kuti asinthe zitseko, kenaka mtundu, kenaka miyendo. Amisiri anagwira Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Chimene sankakamba n'chakuti mwini wake anaibweza, nati akufuna mmene inalili poyamba.

"Tsiku limene simupeza kanthu, alamu, mumapanga chanu," anatero kapitawo. "Ndiye tinaona kuti bawuti ndi wotchipa kusiyana ndi Lamlungu."

Gwedeza anatola bawuti mmodzi patebulo. Munthu amene anaona madoko a dziko lapansi, amisiri ake ankamuponyera fupa ngati kagalu kuti asalume nsapato! Ndipo chomupweteka kwambiri chinali chakuti akanakhala iye kapitawo, akanachita zomwezo.

Anayang'ana wotchi. Alendo a mayi uja anali pafupi kufika.

"Mwachotsa pa mipando iti?"

"Ife timangochotsa, alamu. Kupeza ndi ntchito yanu."

Anathamangitsa galimoto mpaka kapitawo anayamba kupemphera mokweza. Atafika anapeza mipando yonse itazungulira kale matebulo, nsalu zoyera zitayalidwa, maluwa ali pakati. Kunja alendo anali atayamba kusonkhana, ndipo patsogolo penipeni panali amalume a mayiyo, chimunthu chodzaza khomo, akuyang'ana kale poti akhale.

Mayi uja anawatsekera njira atagwira m'chiuno. "Bwanji a Gwedeza? Ndalama ndinapereka zonse."

Bodza linali kale pa lilime la Gwedeza: kungodzaona ngati katundu wafika bwino. Analimeza.

"Mayi, wangongole ndi ine. Mipando ina yabwera yopereweza mabawuti, ndipo vuto si amisiri anga. Muwagwire alendowo pakhomo pang'ono."

Anavula jekete, n'kuyamba. Kukhala, kutsinzina, kugwedeza chiuno, kudzuka. Kukhala, kutsinzina, kugwedeza. Operekera zakudya anasiya mbale n'kumaonerera. Alendo anaunjikana pawindo, ena akuganiza kuti ndi gule wotsegulira malo. Mmodzi mpaka anayamba kuomba m'manja motsatira chiunocho. Thukuta linanyowetsa shati, koma chiuno chija sichinaname.

"Uwu!"

Kapitawo anagwada ndi sipanala.

"Uwunso! Uwo usiyeni, uli bwino. Uwu!"

Mabawuti ankachepa m'dzanja la kapitawo. Pa mpando womaliza, wa kumutu kwa tebulo lalikulu, Gwedeza anakhala nthawi yaitali, anagwedeza kamodzi, n'kuloza pansi. Bawuti womaliza analowa momwemo. Chitseko chitatsegulidwa, amalume aja analunjika pa mpando womwewo n'kudziponya ndi thupi lonse. Mpando unangoti chete.

"Koma alamu," anatero kapitawo akupukuta manja, ulendo uno osagwira pakamwa, "inu ndi makinadi."

Mayi uja anasisita nsana wa mpando umodzi. "Nanga vanishiyu mukumuona bwanji, a Gwedeza? Sanade kwambiri?"

Gwedeza anayang'ana. Lilime linayamba kuyabwa. Akanatha kunena kuti kumaiko ozizira amapaka wowalirapo, kuti aibweze mipando yonse aipalenso, pofika Lolemba ikhala itatheka. Anaona kapitawo akumuyang'ana m'mbali, mpweya ataugwira.

"Ali bwino, mayi," anatero, mawu akutuluka movutikira ngati msomali wadzimbiri. "Amisiri anga amadziwa ntchito."

Kapitawo anatsamira khoma. "Alamu, munenenso, ndikawauze anzanga. Sakandikhulupirira."

"Iwe, kamodzi n'kokwanira. Ndipo thumba lakolo ndizilisecha."

"Si paja mumatikhulupirira?"

Mayi uja anawadula. "Nanga ngongole mumanena ija, yatha?"

Gwedeza anavala jekete, anakonza kolala, n'kutambasula dzanja la kapitawo kuti mayiyo aone kuti mulibe kanthu.

"Yatha yonse, mayi. Mabawuti khumi ndi awiri."