Miyala Iwiri Yoyera

Mmisiri wina anali atagwira ntchito yodula ndi kuika miyala pamwamba pa makabati a m'khitchini kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo panalibe munthu amene anamuuzapo kuti wasokoneza mtundu. Akafika kogulitsa miyala ankangoyang'ana kamodzi, n'kuloza ndi chala, basi nkhani yatha. Ankagwira ntchito ndi mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, bambo wa ana anayi wosakonda zolankhulalankhula, amene ankayendetsa galimoto ndi kugwirizira miyala podula.

Lachiwiri lina anamaliza ntchito m'nyumba ya mayi ena, aphunzitsi opuma pantchito. Mayiwo anali atanena momveka bwino zimene ankafuna: mwala woyera kutsata khoma, kuyambira pasinki mpaka pachitofu, ndi thabwa lofiirira patebulo lapakati. Khomalo linali ndi kona, choncho panafunika miyala iwiri, wautali ndi waufupi, ndipo mmisiri anasankha yekha yonse iwiri.

Atapukuta guluu polumikizira, anaitana eni nyumba. Mayi aja analowa, anakankhira katani pambali kuti muwale, kenako anayang'anitsitsa miyalayo.

"Bambo, miyala iyi si yofanana," anatero mwaulemu. "Wautaliwu ndi woyera ngati pepala. Waufupiwu ukupita kuchikasu."

Mmisiri anaseka pang'ono, n'kunena kuti ndi dzuwa likunamiza. Anawerama pakona paja n'kuyang'anitsitsa. Kwa iye unali mwala umodzi, kuchokera uku mpaka uko. Anatembenukira kwa mlamu wake kuti amuikire kumbuyo, koma mlamuyo anali atazolika mutu, akupinda ndi kupindula tepi yoyezera.

Apa mmisiri anatulutsa kansalu m'thumba ngati akufuna kupukuta thukuta, n'kuphimba nako diso lakumanzere. Khitchini yonse inalowa m'chifunga. Nkhope ya mayi aja inasanduka chithunzithunzi chopanda mphuno, ndipo zenera linangokhala chibanthu chachikasu. Anachotsa kansaluko msanga.

Ananena kuti ogulitsa miyala ndiwo anamusinthira katundu pokweza m'galimoto. Linali bodza, ndipo mlamu wake, amene anakweza miyalayo ndi manja ake, sanatsutse. Mayi aja sanali munthu wa mikangano. Anaganiza kanthawi, kenako ananena kuti zoyera ziwiri zosiyana pang'ono zimaoneka ngati munthu walakwitsa, koma choyera ndi chakuda zimaoneka kuti munthu anachita kufuna. Anapempha kuti waufupiwo auchotse, pambali pa chitofu aikepo mwala wakuda, poti ndi pamene pamadontha mafuta. Mmisiri anavomera zonse osamva bwinobwino zimene akuvomera.

Kunyumba sanaulule kanthu. Bambo ake omubereka anachita khungu asanakalambe kwenikweni, ndipo anakhala zaka zisanu ndi zinayi pampando umodzi pafupi ndi chitseko, kudikira munthu woti awagwire dzanja kupita kuchimbudzi. Anali munthu wamphamvu, womanga nyumba, koma pomaliza ankafunsa aliyense wolowa kuti ndi ndani, ngakhale mwana wawo yemwe. Mmisiri ankakumbukira mmene zala zawo zinkapapasira m'mphepete mwa mbale.

Masiku atatu otsatira anakhala akudziyesa mobisa. Akakhala yekha ankatseka diso lakumanzere n'kuyang'ana kalendala ya pakhoma: manambala onse anali phala. Akatseka lakumanja ankawerenga, koma anazindikira kuti nalonso lakumanzere silinali ngati kale, poti tizilembo ta pansi pa chithunzi tinali titayamba kusungunuka. Anakumbukira kuti miyezi yapitayo ankadandaula kuti mababu a masiku ano sawala, ndiponso kuti anasiya kuyendetsa galimoto ponena kuti msana ukumuvuta. Mkazi wake atamufunsa chimene chikumuvuta, anangoti ntchito yachuluka.

Loweruka m'mawa anaika mwala wakuda uja patebulo lodulira, mu shedi yawo yogwiriramo ntchito. Anayeza, n'kulemba mzere ndi choko. Panafunika kudula kachigawo kakang'ono kumapeto, ndipo mlamu wake anagwira mbali imeneyo ndi manja onse awiri kuti kasagwe n'kubenthula mwala. Mmisiri anayatsa makina. Madzi oziziritsa mpeni anayamba kuthovoka, mpeni wozungulira uja n'kulowa m'mwala bwinobwino, kutsata choko.

Atafika pakati, dzuwa linalowa pakhomo la shedi n'kugwera pamwala wonyowawo. M'maso mwa mmisiri munangoti ng'anii, kuwala kokhakokha. Mzere unasowa. Manja ake, atazolowera zaka zonse zija, anapitiriza kukankha, akuganiza kuti mzerewo uonekanso pompano.

"Alamu, imani!"

Anachotsa chala pabatani. Mpeni unazungulirabe pang'onopang'ono mpaka kuima. Ataphethira kangapo anaona kuti wasiya mzere ndi mpata wa zala zitatu, ndipo mpeniwo waima utadya nsonga ya golovesi ya mlamu wake. Mlamuyo anasolola dzanja mwapang'onopang'ono, n'kuvula golovesiyo. Chala chamkombaphala chinali chitachekeka pambali pa chikhadabo, magazi akutsika kusakanikirana ndi madzi a pamwala. Chinali chilonda chaching'ono. Zala zonse zisanu zinalipo, ndipo mmisiri anaziwerenga kawiri.

Anakhala pansi pomwepo, pamadzi. Mlamu wake anazimitsa magetsi kukhoma, anamanga chala ndi kansalu, kenako anabwera kudzanjuta pafupi naye.

"Mwayamba liti kusaona?" anafunsa motsitsa mawu.

"Sindikudziwa. Lakumanjali latha, alamu. Lakumanzereli likutsatira."

Mlamuyo sanamudzudzule. Anangonena kuti iye anali atayamba kukayikira kalekale, kungoti ankaopa kuchita mwano. Anatseka shedi n'kupita naye kunyumba dzuwa lili pamutu. Mkazi wake atawaona akubwera nthawi imeneyo, wina chala chomanga, wina zovala zili chonyowa, anadziwa kuti kwagwa zina. Anamvetsera nkhani yonse ataimirira, ndipo pomaliza ananena kuti wobisa matenda maliro amamuulula, ndiye iye sakufuna kudikira maliro. Lolemba apita kuchipatala.

Pabenchi ya kuchipatala cha maso panali anthu ambiri, ena atagwiridwa dzanja ndi ana awo, ndipo mmisiri ankayesetsa kusawayang'ana. Atalowa anamuuza kuti awerenge zilembo za pakhoma. Ndi diso lakumanja analephera ngakhale chilembo chachikulu cha pamwamba. Dokotala, mayi wamagalasi wolankhula mwachidule, anamudonthezera mankhwala m'maso, anamuunika nthawi yaitali, kenako anati ndi ng'ala, maso onse awiri, koma yakumanja ndiyo yakhwima. Anafotokoza kuti ng'ala imapangitsa zinthu kuoneka zachikasu, n'chifukwa chake zoyera zonse zinkafanana. Ikhoza kuchotsedwa ndi opaleshoni. Koma anawonjezera kuti sangalonjeze chilichonse asanaione mitsempha ya kumbuyo kwa disolo, chifukwa ng'alayo inali itatsekereza, ndipo nthawi zina kumbuyoko kumakhalanso vuto lina.

Mawu omalizawo ndi amene mmisiri ananyamula. Anadikira opaleshoniyo masabata awiri, ndipo tsiku lililonse ankawatafuna. Pa masiku amenewo mlamu wake anapeza mmisiri wina woti adule mwala wakuda watsopano, n'kukamaliza khitchini ya aphunzitsi aja. Anabwerako ndi uthenga woti mayiwo akondwa, ndipo akufunira odwala zabwino.

Chimene sanayembekezere n'chakuti opaleshoniyo ichitika iye ali maso. Anamugoneka chagada, anamuphimba nkhope ndi nsalu yoboola pa diso limodzi, n'kumuuza kuti asagwedezeke ngakhale pang'ono. Ululu sanaumve. Ankangoona kuwala kukuvina, akumva madzi ozizira akutsikira kukhutu ndi kachitsulo kakulira chapansipansi. Iye amene ankadziwa bwino zimene mpeni umachita dzanja likaterereka, anagwira m'mphepete mwa bedi mpaka zala kuchita dzanzi. Anafuna kutsokomola, koma anakumeza kutsokomolako. Namwino wina anaika dzanja paphewa lake n'kulisiya pomwepo mpaka dokotala ananena kuti zatha.

M'mawa mwake anabwereranso kukamasula bandeji. Mkazi wake anaima pambali atagwira chikwama ndi manja awiri. Namwino atamatula pulasitala, mmisiri anakhalabe chitsinzinire.

"Tsegulani, bambo," anatero namwinoyo.

"Ndipatseni kanthawi."

Anamupatsa. Kenako anatsegula pang'ono. Misozi inatuluka yambiri, kuwala kunamulasa, ndipo kwa kamphindi anaona chifunga chomwe chija. Anaphethira. Chifunga chinayamba kung'ambika, ndipo munatuluka mabatani a yunifolomu ya namwino, limodzilimodzi, lachitatu litasokedwa ndi ulusi wobiriwira. Anatembenuka n'kuona mkazi wake. Pamphumi pake panali imvi zambiri zimene iye sanazidziwe.

Dokotala anaunika kumbuyo kwa diso n'kunena kuti kuli bwino. Anamuletsa fumbi ndi kunyamula zolemera kwa mwezi wathunthu, ndipo anamulembera tsiku lodzachotsa ng'ala yachiwiri. Mmisiri analandira kapepalako n'kukapatsa mkazi wake kuti asunge.

Pobwerera anakhala kutsogolo. Msewu unali wakuthwa modabwitsa, galimoto iliyonse yobwera inkaoneka ngati ikulunjika pa iye, ndipo anapempha mlamu wake kawiri konse kuti achepetse liwiro. Mlamuyo ananena kuti akuyenda kale ngati kamba, ndipo akachepetsanso ndiye kuti atsike azikankha. Komabe anachepetsa, ndipo anthu a m'mbuyo anawaimbira mahutala mpaka kukafika pokhotera kunyumba.