Muvi Womaliza wa aSajeni

"Ndani ali uko?"

Kalipentala anaima pakhomo la chipinda, sutikesi ya mayi ake ili m'manja. Mawuwo anali a mwamuna, koma m'nyumbamo munalibenso mwamuna wina kupatula iye. Bambo ake, amene aliyense ankawatcha aSajeni chifukwa cha zaka zawo za usilikali, anali ataikidwa m'manda masiku anayi apitawo.

"Usaope, ndi mlonda wa mu gemuyi," anatero mayi ake osatembenuka. "Akafika pamenepo amafunsa choncho."

Mayiwo anali pa kampando kapulasitiki pambali pa mpando waukulu wa malemu. Makatani anali otseka ngakhale dzuwa linali paliwombo. Pa TV pankaoneka bwalo la linga lamakedzana, ndipo pa mtanda wa denga panabisala munthu atakoka uta wopingasa, uja wogwira ngati mfuti. Pansi pake mlonda wonyamula nyali ankayenda kuchoka pachitsime kukafika pachipata, n'kubwereranso. Pakati pa sikirini panali kadontho koyera kosonyeza kumene muvi upite, ndipo mlondayo akaima kuti afunse funso lakelo, mutu wake unkakhala pa kadonthoko ndendende.

Pa mpando waukuluwo panali kontirola yomangidwa ndi kamphira kofiira.

Nkhani ya kamphirako aliyense pamaliro anaimva. Mayiwo anapeza amuna awo masana atapendekeka pampando, thukuta lili kamukamu, chala chitakanikiza batani. Sanapemphe madzi kapena dokotala. Anangoti, "Gwira apa, usasiye." Mu gemuyo uta umakokeka ukakanikiza batani, muvi n'kuuluka ukalisiya. Choncho mayiwo anagwira batanilo ndi dzanja limodzi, linalo akuvula kamphira kumutu, ndipo anamanga kaye asanakuwe kuitana anthu. Chiyambire tsikulo TV sinazimitsidwe, ndipo mlondayo anayenda mtunda woti akanakhala munthu weniweni nsapato zikanatha.

"Amayi, galimoto ikudikira," anatero Kalipentala. "Chipinda ndakukonzerani, ana akukuyembekezerani. Simungakhale nokha m'nyumba muno ndi chinthu ichi."

"Sindichoka."

"Ndiye tizimitse."

"Ananena kuti ndisasiye. Pa zaka makumi anayi sanandipemphepo kanthu bambo ako, ngakhale madzi osamba ankatunga okha. Chimodzi chokhachi ndichilephere?"

Kalipentala anaika sutikesi pansi mwamphamvu. Iye ndi bambo ake anatha zaka zisanu ndi ziwiri osalankhulana mawu opitirira moni. Anakula akumva anthu akunong'onezana kuti kunkhondo aSajeni sankaphonya, ndipo eni akewo sanatsutsepo kapena kuvomera. Atamva kuti mkuluyo amakhala masana onse akusaka anthu pa TV, analetsa ana ake kubwera kwa agogo awo. Tsono taonani lero, munthu wafa koma wasiya muvi utaloza mutu wa wina.

"Anthu ena akamamwalira amadalitsa ana awo," anatero. "Awa amafuna kuti nyama yawo isathawe."

"Achimwene, pakamwa apo."

Anali mlongo wake, Namwino, ataima m'khonde atapinda manja. Ndiye anagula makinawo bambo awo atadwala sitiroko, kuti zala zizichita masewera. Koma chichitikire maliro anali asanalowemo m'chipindamo. Munthu wozolowera mitembo kuchipatala, ankaopa mawu a mlonda wa pa TV.

"Ndikunama?" anafunsa Kalipentala. "Bwera udzaone wekha pamene analozetsa."

"Ndani ali uko?" anafunsanso mlondayo, akukweza nyali. Kuwala kwake kunadutsa pansi pa mapazi a munthu wobisalayo, koma sikunamupeze.

Mayiwo analoza kontirola ndi chala. "Taonani ana inu. Kakutha."

Kamphirako kanali katang'aluka mbali imodzi, katatuwa, ndipo kanangotsala kaulusi. Ndicho chimene chinkawaletsa kudya ndi kusamba. Ankaopa kuti akangotuluka kaduka, ndipo lonjezo lawo lithera pomwepo iwo kulibe.

Kalipentala anatola kontirola kuti athetse nkhaniyo kamodzi. Atangoikweza, kamphirako kanaduka n'kugwera pansi. Chala chake chinakanikiza batanilo chokha, asanaganize n'komwe, muja munthu amawakhira kapu ikamagwa patebulo.

Chingwe cha uta chinkalira pang'onopang'ono mu TV.

"Wagwira?" ananong'ona mayiwo.

"Ndagwira."

Pokhala kuti panalibe pena pokhala, anakhala pa mpando wa bambo ake. Khushoni inali ndi dzenje la thupi lawo, ndipo fungo la mafuta awo opaka m'mawondo linali lidakalipo. Batanilo linali lofunda. Anadziuza kuti n'chifukwa cha magetsi.

Namwino analowa monyang'ama n'kuima kumbuyo kwake. Anayang'ana sikirini kwa nthawi, kenako anatambasula dzanja n'kuloza pakona yakumunsi, pamene panali kachigaza kakang'ono ndi nambala pambali pake.

"Achimwene, mukudziwa chimene chija?"

"Ine za magemu ndizidziwira kuti?"

"Chimawerenga anthu amene wosewera wapha chiyambire. Pali ziro. Ndipo linga ili ndi gawo lomaliza, ndinalionapo pa bokosi lake." Anatsitsa dzanja. "Chaka chonse, achimwene. Sanaphe ngakhale mmodzi."

"Nanga mivi ankachita nayo chiyani?"

"Ankathimitsa nyali," anayankha mayiwo. "Nthawi zina ankaliza belu kuti alonda athamangire kwina. Ndinkamva ndili kukhitchini. Ine ndinkangoti n'zachibwana za ukalamba."

Kalipentala anabweza maso pa sikirini. Chala chinayamba kuwawa. Mlonda anachoka pa kadontho kaja n'kulowera kuchipata, ndipo kwa nthawi yoyamba Kalipentala anayang'ana chimene chinatsala kumbuyo kwake. Diso la mmisiri silichedwa kuona chimene chagwira chinzake. Pakhoma panali chingwe chopyapyala chodutsa pa kawilo, chitanyamula mpiringidzo wa chitseko chachitsulo. Kuseri kwa chitsekocho, mumdima, munali manja a anthu atagwira zitsulo. Kadonthoko kanali pa chingwecho.

Pamenepo anakumbukira khofi la bambo ake. Anali ndi zaka khumi, atakoka legeni kuloza njiwa pa mpanda, mlongo wake akusewera kuseri kwa mpandawo. Bambo ake anamuwomba khofi limene linamugonthetsa khutu mpaka madzulo, n'kunena mawu awiri okha: "Dikira adutse." Zaka zonsezi iye ankakumbukira khofilo, mawuwo atawataya. Manyazi anamugwira, ndipo chisoni chimene chinamukana kumanda chinamupeza pampandopo.

"Sankaloza munthuyu, amayi," anatero. "Ankadikira kuti adutse. Mtima unawagwira mlondayu ali pamzere wa muvi, n'chifukwa chake sanafune kusiya."

Mayiwo anaphimba pakamwa ndi nsalu yawo.

"Siyani tsopano, wachoka," anatero Namwino.

"Ayi, watembenuka kale. Akubwera."

Mapazi a mlonda ankamveka pamiyala, limodzi ndi kachifuwa kake kouma kamene mayiwo anali atakazolowera ngati ka munthu wa m'nyumba. Chala cha Kalipentala chinachita dzanzi ndipo thukuta linkatereretsa batani. Anadabwa kuti dzanja lopuwala lija linkapirira bwanji zimenezi. Mlonda anafika, anaima, mutu wake unaphimba chingwe.

"Ndani ali uko?"

Nyali inakwera, inafufuza, inatsika. Mlondayo anakanda m'khosi, kenako anaponya phazi, lina, lachitatu.

"Amayi," anatero Kalipentala, "anauza inu. Ndisiye?"

Mayiwo anaika dzanja lawo pamwamba pa lake. Linali lozizira ndi lopepuka.

"Wadutsa. Siya, mwanangu."

Muvi unalira kamodzi kokha. Chingwe chinaduka, mpiringidzo unagwa, chitseko chinatseguka, ndipo akaidi anatuluka mwakachetechete n'kuzimiririka kuseri kwa chitsime. Pakona paja ziro anakhalabe ziro.

Kalipentala anatembenuza kontirola m'manja mwake. Mabatani onse anali ofufutika ndi zala za bambo ake, kupatula limodzi lofiira limene linkawalabe ngati latsopano. Anayang'ana mlongo wake.

"La mpeni," anatero Namwino chapansipansi.

Pa TV mlonda uja anabwerera akuthamanga, wamoyo, wosadziwa kuti wakhala masiku angati pakamwa pa imfa. Anaima pa malo ake akale, ndipo ulendo uno anakweza nyali mpaka kudenga, kuwala kwake n'kudzaza chipinda chonse, pa nkhope zawo ndi pa mpando waukulu uja.

"Ndani ali uko?"

Mayiwo anatola kamphira koduka kaja pansi n'kukamanga pa nsonga ya nsalu yawo. Kenako anadzuka, mawondo akulira, n'kupita pa soketi.

"Palibe, bambo," anamuyankha mwaulemu. "Apita."

Anazimitsa, n'kuuza mwana wawo kuti anyamule sutikesi.