Dzina la Seul-bi Ndinkayankha Ndine

Ndikulemba izi pa foni ndili m'boti yochoka pachilumba pathu, ndiye zala zikaphonya penapake mundimvetse, mafunde ake si masewera.

M'kalasi mwathu tinalimo naini basi, kuyambira chaka choyamba mpaka chachitatu. Ndife omaliza, sukuluyo akuitseka chifukwa pachilumba ana anatha, otsala ndi agogo ndi amphaka. Tsiku loyamba lenileni Geum-jae, amene tinamusankha utsogoleri wa kalasi chifukwa chotalika basi, analemba pabolodi kuti talowa naini tituluka naini. Tinaseka. Koma mawuwo anasanduka lamulo.

Nkhani yake ndi iyi. Ukajomba kwambiri satifiketi sulandira, umabwereza chaka, ndiye ubwereza kuti sukulu ikutsekedwa? Chonsecho kwathu kukayamba kuzizira aliyense amafunika kundere, ndere zodya zija timalima m'nyanja n'kuziumitsa m'mashedi. Ndiye wina akajomba, wina ankamuyankhira. Aphunzitsi athu a Bang poitana mayina sankadzutsa mutu. Ananena kamodzi kokha, maso ali m'rejisitala, kuti iwo amalemba zimene khutu lamva. Sitinafunsenso.

Woyankhira ndinali ine. Dzina langa ndi Da-som koma anthu amanditcha Wailesi, mawu a aliyense ndimawatha. Chaka choyamba ndinayankhira Geum-jae milungu iwiri ndi mawu a besi, kalasi yonse itagwira pakamwa. Chachiwiri ndinayankha mayina atatu tsiku limodzi, mpaka a Bang anatsokomola n'kunena kuti lero m'kalasi mwadzaza eti. Zinali zoseketsa nthawi imeneyo.

Seul-bi, dzina lake lonse Ok Seul-bi, anali nambala seveni, desiki yake pafupi ndi yanga, kumbali ya hita. Bambo ake anatsala m'nyanja iye ali wamng'ono, mayi ake anapita kumtunda kukafuna ntchito osabwereranso, ndiye ankakhala ndi amalume ake, mwini shedi yaikulu ya kuseri kwa phiri. Mtsikana uja kulemba meseji ankalemba ngati akuthamangitsidwa. Fulusitopu sankaidziwa. Chilichonse kumapeto kkk. Tsiku limene galu wake anafa anandilembera kuti wailesi galu wafa ndikulira kkk.

Okutobala wa chaka chomaliza, Lolemba lina, sanabwere. Meseji inalowa ndisanakhale pansi: "Da-som, ndili kundere. Undiyankhire."

Ndinayankha. Mawu ake ndi aang'ono, otulukira m'mphuno, osavuta. Ndilipo.

Mlungu unatha, wachiwiri, mwezi. Mayeso aakulu a Novembala sanalembe, koma kwathu ambiri salemba, palibe anadabwa. Ndikaimba foni sinkayankhidwa, kenako meseji: "Ndatanganidwa. Pitiriza kuyankha." Pa gulupu ya kalasi anasiya kulankhula, ankangowerenga. Chithunzi cha buku la omaliza sukulu tinajambulitsa eyiti, wojambula n'kuika nkhope yake yachaka chatha pakona pamwamba, m'kabwalo kozungulira. Mmodzi wa anyamata anati ikuoneka ngati ya pamaliro. Geum-jae anamumenya mbama pankhongo, ndipo palibe anaseka.

Ine chinkandidya ndi timadontho tija, mafulusitopu a m'mameseji ake. Ndinamuonetsa Geum-jae pa buleki, ndinati taona, uyu si iyeyo. Anati anthu amakula, Wailesi, mwina waphunzira kulemba. Ndinati nanga dzina langa? Zaka zitatu sananditchulepo Da-som. Anayang'ana kuchitseko kaye kenako n'kutsitsa mawu.

"Masiku ake ojomba enieni anapitirira malire kalekale. Ukangotsegula pakamwa, satifiketi yake yapita, a Bang ntchito yatha, ndipo amene wakhala ukunama m'mawa uliwonse ndiwe. Kwatsala milungu itatu. Ingoyankha."

Sankanama. Popanda pepala limenelo Seul-bi pachilumba sakanachoka, ndipo kuchoka ndi chinthu chokhacho chimene ankachifuna chiyambire. Ankafuna sukulu ya unesi kumtunda.

Koma ine mtima m'malo ayi. Ndinamuyesa. Ndinalemba kuti iwe, ukukumbuka tsiku lija tinathawa sukulu kupita kutauni ya Mokpo kukadya nkhanu? Ife ku Mokpo sitinapiteko limodzi ngakhale kamodzi.

Patapita mphindi teni: "Inde ndikukumbuka. Linali tsiku labwino."

Loweruka masana ndinakwera njinga kupita kuseri kwa phiri. Mphepo yake yodula makutu. Makina oumitsira ndere ankamveka ndili patali, phokoso losapuma lija, ndi fungo la mchere wopsa. Amalume ake ndinawapeza pageti atavala magolovesi a labala ofika m'zigongono, ngati ankandidikira. Ndinawerama kuwapatsa moni. Anati Seul-bi wapita kumtunda kukadwazika azakhali ake, abwera giladuweshoni ikatha, satifiketi adzangomutengera iwowo. Anandiyamikira kwambiri. Anati mumakondana ana inu, zimasowa masiku ano. Anandipatsa paketi ya ndere yoti ndikapatse amayi.

Pakhonde, pamene anthu amavulira nsapato, panali nsapato zake zasukulu. Ndi jombo zake. Ndi masilipasi apinki aja. Munthu wapita kumtunda wavala chiyani?

Ndinayenda ndi njinga masitepe angapo, n'kutulutsa foni ngati ndikuona nthawi. Ndinalemba kuti uli kuti, n'kutumiza.

Kumbuyo kwanga, m'thumba la jekete la amalume aja, foni inalira. Kabelu kake ndimakadziwa, kamphaka kolira, ndinamuikira ndine.

Sindinatembenuke. Iwo anati, mawu ali phee, "Upalase bwino mwanawe. Msewu wa kuphiriwu ukuterera."

Mufunsa kuti bwanji sunapite kupolisi. Wapolisi wa pachilumba pathu ndi mmodzi, ndipo Lamlungu amawedza ndi amalume omwewo. Amayi anga amagwira ntchito m'shedi ya msuweni wa amalumewo. Amayiwo nditawauza anangoti paketi ija ndiike m'kabati. A Bang ndinawatsatira mpaka ku ofesi, koma ndisanayambe anakweza dzanja n'kunena kuti chimene sanamve sangachilembe.

Ndiye ndinapitiriza kuyankha. Masiku khumi ndi awiri ena. M'mawa uliwonse mawu ake akutuluka pakhosi panga, ndipo m'mawa uliwonse meseji: "Zikomo Da-som." Ndinayamba kuona kuti bola ine ndikuyankha, palibe adzamufune. Pamapepala onse Seul-bi anali bwinobwino, atakhala pafupi ndi hita. Chitseko chomutsekera chinali ine.

Tsiku loti mawa giladuweshoni kunabwera mayi wina wochokera ku ofesi ya maphunziro kumtunda, kudzasaina masatifiketi ndi kutseka mabuku a sukulu. Anakhala kumbuyo kwa kalasi, jasi osavula, mutu uli m'mapepala. Geum-jae anali ataika chikwama ndi sikafu pampando wa Seul-bi kuti zioneke ngati wangotuluka.

A Bang anayamba. Wani, thuu, filii. Aliyense ndilipo, ndilipo. Sikisi ndi ine, ndinayankha ndi mawu anga.

"Nambala seveni. Ok Seul-bi."

Hita inkalira. Geum-jae anaponda mwendo wa mpando wanga.

"Ok Seul-bi."

Wina kumbuyo ananong'ona kuti Wailesi, chonde. Ndinaluma lilime mpaka kumva magazi.

Kachitatu a Bang anadzutsa mutu. Zaka zitatu, kanali koyamba kutiyang'ana poitana mayina. Anayang'ana mpando uja, kenako ine, ndipo nkhope yawo sinali yokwiya, inali ya munthu amene watopa kalekale. Mayi uja anasiya kulemba. Anafunsa kuti mwanayu ali kuti.

"Sanabwere kuyambira Okutobala," ndinatero. "Amene mwakhala mukumva ndi ine. Foni yake ili ndi amalume ake, nsapato zake zonse zili pakhonde."

Apolisi akumtunda anafika ndi boti ya masana. Anamupeza m'kachipinda kuseri kwa makina, kokhoma ndi loko kunja. Dzanja lake lamanja makina analidya mu Okutobala muja, zala ziwiri palibe, ndipo amalume m'malo mopita naye kuchipatala anamanga okha ndi nsanza, poopa kuti shedi itsekedwa nyengo ya ndere ili pakati. Chilonda chinali chitayamba kununkha. Adokotala akuti akanadikira mlungu wina nkhani ikanakhala ina.

Tinatuluka eyiti. A Bang sanabwere pamwambo, masatifiketi anatipatsa ndi ahedi, mwachangu ngati akugawa matikiti. Mawu a Geum-jae aja wina anawalembanso pabolodi n'kudula naini womaliza ndi choko chofiira. Palibe anandilankhula. Geum-jae anangoti podutsa, osandiyang'ana, "Ukanadikira tsiku limodzi lokha." Mwina. Ndaliwerenga tsiku limenelo kambirimbiri ndipo yankho silituluka. Pa gulupu anandichotsa ndisanafike kunyumba. Amayi ntchito yawo inatha Lolemba lotsatira.

Dzulo kunalowa meseji pa nambala yachilendo, zilembo zili balala, zooneka kuti walemba ndi lamanzere.

"wailesi wandigwetsa sukulu kkk bwera ndi chaja"

Ndiye ndili m'boti, ulendo wa kuchipatala cha kumtunda kumene Seul-bi anagonekedwa, chaja ili m'chikwama. Sindikudziwa ngati kkk ameneyo ndi wokhululuka kapena ndi wa galu wafa uja.

Amalume aja apolisi anawatenga, koma anawatulutsa kuti azidikira mlandu ali kunyumba. Pokwera boti ndawaona padoko, magolovesi omwe aja, akutsitsa makatoni. Andiweramira pang'ono ngati ndine munthu wamkulu. Amayi atsala pachilumba okha, ndipo ndawaimbira kawiri sakuyankha. Angonditumizira meseji kuti ali bwino, ndisadandaule.

Ndikuiyang'anabe. Sindikukumbuka ngati amayi amaika fulusitopu.